Chimanga sichinkakhala chokha m'munda

Adzukulu anga, makolo athu kuno ku Matandani thumba la feteleza sankalidziwa, koma nkhokwe ankaluka chaka ndi chaka. Sindikunena kuti njala kunalibe. Inaliko, ndipo ina ndikusimbirani. Chimene ndikufuna mumve n'chakuti chakudya cha munda wa masiku amenewo chinkachokera m'munda momwemo ndi pakhomo, ndipo mbewu ankazibzala mosakaniza akudziwa kuti iyi ithandiza iyo.

Pamene a Seventh-day Adventist ochokera ku Malamulo anatsegula mishoni pano mu 1908, n'kudzakhalapo Samuel Konigmacher, agogo anga aakazi anali kamtsikana kongoyamba kugwira khasu. Ankatiuza kuti nthawi imeneyo malo anali mbwee, anthu ochepa. Wofuna munda watsopano ankapita kwa amfumu, akamulozera n'kukatema mphanje. Mitengo ankadula m'chilimwe, nthambi n'kuziunjika pazitsa, zikauma n'kuziyatsa mvula ili pafupi. Pamene pagwa phulusa lambiri ankafesapo mawere ndi kuponyapo nthanga za maungu. Kwinako ankaunda matuto, milu ya dothi yotalikirana pang'ono, ndipo mkati mwa mulu uliwonse ankakwiriramo udzu ndi masamba amene asosa. Zinyalalazo zinkawolera momwemo, pansi penipeni pa mizu ya chimanga. Munda ukalimidwa zaka zingapo n'kuyamba kubweza pang'ono, ankausiya kuti ugone tsala, tchire n'kubwerera, iwo n'kukatema kwina. Tsala ndilo linali feteleza wamkulu wa makolo. Lero palibe wa inu amene angagoneke munda ngakhale chaka chimodzi, chifukwa munda umene agogo ankalima okha tinagawana anthu ambirimbiri. N'chifukwa chake zimene zatsala m'nkhani yangayi n'zofunika kwa inu kuposa mmene zinalili kwa iwo.

Ine pamene ndinkazindikira, agogo anali atakalamba, koma mbewu sankalola kuti wina awasankhire. Mvula yeniyeni ikagwa mu Novembala kapena kumayambiriro kwa Disembala, ankamanga timaphukusi tingapo kunsonga za nsalu, kena ka chimanga, kena ka nyemba, kena ka nandolo, nthanga za maungu zili m'chikho. Chimanga chinali chamakolo, chija cholimba maso, chimene chimakonoleka bwino mumtondo ndipo anankafumbwe sachilowa msanga. Akaponya chimanga paphando, pambali pake ankaikapo nyemba zoyanga kuti zidzakwere phesi. Akadumpha mapando angapo ankaponya nandolo. Maungu sankawachulutsa ayi. Ankawabzala apa ndi apo, makamaka pachulu ndi pamene panapsa zinyalala, chifukwa ankati dzungu likachuluka limapondereza chimanga chikadali chaching'ono. Khobwe ankamuchedwetsa dala, kumubzala chimanga chitafika m'mawondo, kuti asachipitirire. M'malire munkakhala mapira ndi chinangwa, pamalo amchenga nzama ndi mtedza. Bonongwe, luni, chisoso ndi denje palibe ankazibzala, zinkamera zokha, koma wopalira akadula luni agogo ankamudzudzula kuti wataya ndiwo.

Munda wotere ukafika mu Febuluwale, dothi silinkaoneka. Masamba a maungu ndi a khobwe ankaphimba pansi ponse. Mvula yamphamvu ya m'mapiri muno inkayamba yamenya tsamba isanafike pansi, motero dothi silinkakokoloka kwambiri. Kukachita ng'amba ya masabata awiri, ukapisa dzanja pansi pa masambawo unkapeza pali ziziri ndiponso chinyezi, pamene pamtetete pauma gwaa. Udzu nawo unkasowa dzuwa, ndiye kupalira kwachiwiri kunkapepuka. Ndipo miyezi imene nkhokwe yatsika, munda womwewo ndiwo unkatipulumutsa: nkhwani, khwanya, chitambe, kenako nyemba zaziwisi ndi maungu, chimanga chisanakhwime. Masamba otsala amayi ankawafutsa, kuwayanika pamphasa, n'kuwakulunga m'zikwatu za masamba a msuku, mfutsowo n'kudzatithandiza m'chilimwe. Ife a Sabata, amene nkhumba ndi mbewa sitidya, ndiwo zathu zenizeni zinali nyemba, khobwe ndi nandolo. Lachisanu mphika wa chipere unkaterekedwa dzuwa lisanalowe kuti Sabata lipeze zonse zili zokonzeka.

Mwa mbewu zonsezi, imene ndimaipatsa ulemu kwambiri ndi nandolo, ndipo pano ndichedwapo. Nandolo salimbirana malo ndi chimanga. Miyezi yoyamba amakula pang'onopang'ono, kamtengo kowonda kobisala pansi pa masamba a chimanga, ntchito yake ili pansi, kulowetsa muzu kutali kumene mizu ya chimanga siifika. Chimanga chikauma mu Epulo ndi Meyi, n'kukololedwa, ndiye iye amatambasuka, munda wonse n'kubiriwira nthawi imene kwina kuli mbuu. Mu Juni ndi Julayi timayamba kudya makata, wouma timathyola mu Ogasiti ndi Sepitembala. Nthawi yonseyo amakhala akuyoyola masamba. Mukalowe m'munda wa nandolo mu Sepitembala, mupalase pansi ndi phazi, mupeza masamba ataunjikana, apansi atayamba kale kufumbutuka, chiswe chikuwalowetsa m'dothi. Agogo ankaletsa kuti masamba amenewo asasesedwe kapena kutenthedwa. Mitengo yake tinkadula n'kukasonkhera moto, koma zitsa ndi mizu zinkasiyidwa kuti ziwolere pansi. Chaka chotsatira, pamene panali nandolo wambiri chimanga chinkatuluka chobiriwira moderako, ndipo ngakhale mwana ankatha kuloza malire ake.

Chifukwa chake agogo sankachidziwa. Anandifotokozera ndi mdzukulu wanga wina amene anakaphunzira zaulimi ku Bunda. Anazula mtedza umodzi ukuchita maluwa, n'kusasa dothi, n'kundionetsa timatuza tambirimbiri pamizu. Kamodzi anakatswanya ndi chikhadabo, mkati munali mofiirira. Anati m'timatuzamo mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso timene timatenga nayitrojeni mumpweya n'kumusandutsa chakudya cha mbewu, ndipo kufiirako kumasonyeza kuti tizilomboto tili pantchito. Nayitrojeni ameneyu ndi yemwe uja timagula m'thumba la urea. Mumpweya alimo wochuluka, magawo 78 pa 100 aliwonse, koma chimanga sichingamutenge chokha. Nandolo, khobwe, mtedza, nzama, soya, kalongonda ndi nkhungudzu zimatha, ndipo nyemba zimatha pang'ono chabe. Anandichenjezanso kuti chimanga choyandikana nazo sichipindula kwambiri chaka chomwecho. Phindu lenileni limabwera masamba ndi mizu zikawola, ndiye amene amazula masangwi onse a mtedza n'kukawatentha, watentha feteleza wa chaka chamawa. Mtengo wa nsangu, umene umachuluka kumunsi kotentha cha ku Shire, ndi wa banja lomwelo. Umayoyola masamba mvula ikayamba, nthawi imene mitengo ina ikuphukira, motero suchititsa mthunzi pa chimanga. Akumunsi ankadziwa zimenezi kalekale, ndipo potema mphanje nsangu ankausiya.

Njala ya 1949 inandipeza ndili mwana, koma ndikukumbukira alendo. Mvula inadula chimanga chili chanthete, ndipo kumadera a Blantyre, cha ku Lunzu ndi ku Lirangwe, minda inapserera. Anthu ankaoloka Shire n'kukwera mapiri ano kudzasuma, ena kupitirira mpaka kwa Apwitikizi. Ankabwera ndi nsalu, mbale, makasu, ena manja okhaokha, n'kumagwira ganyu kuti apatsidwe chakudya. Kwathu chimanga chinachepanso chaka chimenecho. Chimene amayi ankapatsa alendowo chinali makaka a chinangwa, mapira, khobwe ndi nandolo, mbewu zimene zimapirira dzuwa. Banja limene linadalira mbewu imodzi linalira msanga.

Zaka zomwezo boma la atsamunda linalimbikira malamulo a malimidwe. Matuto analetsedwa, aliyense anauzidwa kuunda mizere yopingasa phiri ndi kukumba migula, ndipo wokana ankalipitsidwa chindapusa kapena kumangidwa. Anthu anadana nazo kwambiri, mwakuti nkhani ya malimidwe inalowa mpaka m'ndale zomenyera ufulu. Ine ndikaona kutsetsereka kwa minda yathu, ndimati mizere yopingasa inali yoyenera kuno, cholakwika chinali kuibweretsa ndi chikoti. Chimene chinatiwononga pang'onopang'ono ndi chiphunzitso china chimene chinabwera nayo limodzi, chakuti munda wa mlimi wozindikira uzikhala ndi mbewu imodzi, yoyera, yopanda kanthu pakati. Titalandira ufulu mu 1964 chiphunzitsochi chinapitirira. Panabwera achikumbe, makalabu a ngongole, chimanga cha haibulidi, ndipo kuyambira 1971 feteleza tinkamupeza kumisika ya ADMARC. Zoona zake, chimanga chinabereka modabwitsa zaka zoyambazo, ndipo palibe amene akanakana. Ndikukumbukira mlangizi wina ataima m'munda wa amayi n'kunena kuti, "Mayi, maungu awa ndi nandoloyu akudya feteleza wa chimanga, muzule." Amayi anayankha mwaulemu kuti, "Ndamva, bambo." Maungu a m'mphepete mwa njira anazuladi, koma a mkati mwa munda anawasiya, ndipo amayi ambiri a m'mudzi muno anachita chimodzimodzi. Mbewu zamakolo zimene zilipo lero zinapulumukira m'manja mwa amayi otere.

Kenako dothi linayamba kutiuza. Kumene kunkalimidwa chimanga chokhachokha chaka ndi chaka, mapesi n'kumatenthedwa, dothi lakuda lija linasanduka lofiira ndi louma, mvula ikagwa madzi n'kumangoyenda pamwamba. Thumba limodzi linaleka kukwanira pamene linkakwanira. Ndipo kaufiti anafalikira. Kamaluwa kofiira kaja kamaoneka kosalakwa, koma kamalumikiza muzu wake ku muzu wa chimanga n'kumayamwa kasanatulukire n'komwe pamtunda, ndipo njere zake zimatha kugona m'dothi zaka zoposa 10. Amakonda nthaka yoguga. Agogo akaona kaufiti ankati munda watopa, pabzalidwe mtedza kapena khobwe. Mdzukulu wanga uja anati anali kulondola, chifukwa mizu ya mbewu zimenezi imadzutsa njere za kaufiti, zikamera n'kusowa poyamwa, n'kufa. Kaufiti wotulukayo muzimuzula asanachite njere, ndipo pamalopo muzithirapo manyowa ambiri. Boma layesetsa kutithandiza, ndi Starter Pack mu 1998, makuponi mu 2005, AIP mu 2020, koma feteleza amachokera kunja, amagulidwa ndi ndalama zakunja, ndipo kukwera naye phiri lino kuchokera kumsewu wa tala kumawonjezeranso mtengo. Si chaka chilichonse chimene dzina lako limatuluka pamndandanda wa olandira.

Tsono imvani za chakudya cha munda chimene chili pakhomo panu pomwe. Makolo anayamba kuchizindikira padzala ndi pakhola lakale. Paliponse pamene pankatayidwa zinyalala, phulusa ndi makoko, dzungu lomera lokha linkabereka kuposa a kumunda. Banja likasamutsa khola, pamalo akalewo pankabzalidwa chimanga choyamba kudya. Agogo ankayala mapesi ndi udzu m'khola la mbuzi kuti zimwe mkodzo, chifukwa mphamvu yambiri ili mumkodzomo, ndipo mu Okutobala tinkazitapa n'kusenza m'madengu kupita kumunda. Chitosi cha nkhuku ndi cha nkhunda ankachisunga padera pouma. Chimenechi n'chaukali, chikakhala chachiwisi chimawaula mbewu, ndiye ankachisiya chiyambe chagona, kenako kadzanja kamodzi paphando, kutali pang'ono ndi phesi. Dothi la pachulu ankaligumula n'kulimwaza pamalo amchenga. Phulusa la m'khitchini, lotsala popanga chidulo, linkapita kunthochi ndi kumaungu. Phulusa limathandiza dothi lathu lofiirali, koma musamaliunjike pa mbewu yanthete, ndiponso musamayembekeze kuti lingachite ntchito ya ndowe, popeza chakudya chobiriwitsa masamba chimapita ndi utsi. Pa chifukwa chomwecho mapesi si otentha. Muziwagoneka m'makwawa mukangokolola, ndipo muzilambula m'malire, chifukwa moto wa anyamata osaka mbewa umalowa m'munda wa aliyense.

Manyowa owoletsa pamulu ndinaphunzira ndili wamkulu, kwa alangizi a masiku ano, amene tsopano akutiuza kuti tibwerere ku kusakaniza mbewu. Umene ndimaukonda ndi chimato. Umayala timitengo ndi mapesi odukaduka pansi kuti mpweya uzilowa, pamwamba pake masamba aawisi, kenako ndowe, kenako kadothi ndi kaphulusa pang'ono, n'kuwaza madzi, n'kuyambiranso chimodzimodzi mpaka mulu utafika m'chiuno. Pakati umazikapo mtengo. Ukamaliza umamata mulu wonse ndi matope, n'kuzula mtengo uja kuti patsale bowo lopumira. Pakapita masiku ochepa, ukapisa ndodo m'bowomo iyenera kutuluka yofunda. Ikatuluka yozizira ndi youma, mulu uli ndi ludzu. Ikatuluka yonyowa ndi yonunkha, madzi achuluka. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu umagumula, ndipo manyowa opsa amakhala akuda, ofumbutuka, osanunkha ndowe. Yambani mu Meyi kapena Juni, masamba aawisi akadalipo ndiponso mitsinje isanaphwe. Woyamba mu Okutobala wachedwa.

Kudimba, kumene timalima mpiru, tomato, anyezi ndi kabichi m'mbali mwa timitsinje totsikira ku Lisungwi ndi ku Wamkulumadzi, manyowa amadzi ndiwo amagwira msanga. Umathira ndowe kapena chitosi m'thumba mpaka theka, kumanga kukamwa, n'kulipachika pamtengo kuti lilendewere m'mgolo wa madzi. Ngati ndowe palibe, masamba a deliya, uja wa maluwa achikasu amene wadzaza m'mbali mwa misewu, amagwira bwino kwambiri ukawaduladula. Mgolo uzivundikira, thumba uzilivuwula ndi kulimizanso masiku angapo alionse. Pakatha masabata awiri kapena atatu madzi amada bii ndipo fungo limachepa. Usathire okhaokha. Uwasungunule ndi madzi ena mpaka aoneke ngati tiyi wosada, n'kuthira pansi mozungulira mbewu madzulo, osati pamasamba, makamaka masamba amene mudye posachedwa. Kudimba komweko muzisinthanitsa malo. Tomato asalowe pamene pangochoka kachewere, popeza ndi apachibale ndipo chiwawu chawo n'chimodzi. Pamene pachoka nyemba, mpiru umakondwa. M'mphepete mwa dimba mubzalemo mthuthu: masamba ake amalemeretsa dothi, ndipo ukawasinja n'kuwaviika usiku, madzi ake amapha nsabwe za m'masamba. Koma ndowa yake musakatsukire kumtsinje, chifukwa mthuthu umapha nsomba. Mbozi zimene zinalowa m'dziko muno chakumapeto kwa 2016 ambiri tazigonjetsako ndi kadothi kapena kaphulusa m'chikhatho cha chimanga, ndiponso kuzitswanya ndi zala m'mawa. M'munda mwanga ndaona kuti sizilusa kwambiri kumene chimanga chili pakati pa nyemba ndi khobwe.

Za manyowa a Mbeya mukuzidziwa kuposa ine: feteleza wogula pang'ono, gaga, phulusa, ndowe zosefa ndi madzi, kuzitsekera m'thumba la pulasitiki masiku 21. Ndi nzeru yabwino yotambasulira feteleza wochepa. Koma ndikuuzeni zoona, kuti musadzanene kuti agogo anakunamizani. M'thumba la urea la makilogalamu 50 muli makilogalamu 23 a nayitrojeni, ndipo kuti ndowe zifike pamenepo pamafunika ngolo zingapo. Mbuzi zinayi sizingadyetse ekala. Ntchito ya manyowa ndi kubwezera mnofu m'dothi kuti lizisunga madzi, ndi kuti feteleza wochepa amene wapezekayo asakokoloke ndi mvula yoyamba. Choncho manyowa anu musamawamwaze munda wonse, muziwathira m'mapando, chigawo chimodzi chaka chino, china chaka chamawa. Munda wonse ungadyetsedwe ndi mbewu zokhala ndi timatuza tija basi, ndipo pa zimenezi nandolo ndiye angagwire ntchito imene tsala linkagwira. Kumene kwaguga kwambiri, chaka chimodzi musabzaleko chimanga. Bzalaniko mtedza ndi nandolo pamodzi, monga akhala akuchitira alimi a ku Ekwendeni, mtedza n'kukumba mu Epulo kapena Meyi, nandolo n'kutsala. Chimanga chidzabwere chaka chinacho.

Chimandiwawa n'chakuti ambiri ayamba kuyeza nandolo ndi mtengo wa pasikelo wokha. Mu 2017 dziko la India litachepetsa nandolo wogula kunja, mtengo unagwa kwambiri kuno, ndipo anthu ena anakwiya n'kuleka kubzala. Ndinawamvetsa, chifukwa fizi ya ana inali m'matumba amenewo. Koma ngakhale pasapezeke wogula, nandolo amakhala atakulipira kale ndi ndiwo, nkhuni ndi masamba amene wasiya pansi. Nandolo wa Mthawajuni, amene amacha msanga, ndi wabwino kwa inu amene mumaopa ziweto. Ndipo pa ziweto pomwepo ndi pamene pali vuto lalikulu. Kale chimanga chikangokololedwa mbuzi ndi ng'ombe zinkamasulidwa, koma kunali abusa, ndipo mbuzi ikadya nandolo wa mwini, mwini mbuziyo ankakayankha kubwalo. Lero anyamata ali kusukulu, zimene n'zabwino, koma mbuzi zikungoyenda zokha kuyambira Juni, nthawi imene nandolo ali pamaluwa. Munthu mmodzi sangatchinge munda wonse ndi mpanda. Nkhaniyi ndi ya mudzi, ndipo msonkhano ukaitanidwa kukolola kusanayambe, inu achinyamata mukaimirire, mukapemphe amfumu kuti mbuzi zizikhala pachingwe kapena m'khola mpaka nandolo wouma atathyoledwa mu Sepitembala. Mukawauzenso eni mbuzi kuti mbuzi yogona ndi kudyera m'khola imasiya manyowa onse pakhomo pawo.